Chatsitsa Dzaye: Kuphunzitsa Ana Kuganiza ndi Kufotokoza Maganizo Awo

Mwana amene akuyamba Sitandade 1 chaka chino adzakhala pa sukulu zaka 12 asanalembe mayeso a Fomu 4, ndipo akadzatuluka adzadzidyetsa kwa zaka makumi angapo m'dziko lomwe palibe mphunzitsi, kholo kapena mlembi wa silabasi amene angalifotokoze bwinobwino lero. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa lidali lisanakwanitse zaka 18, kutanthauza kuti masomphenya a chitukuko a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adzatheka kapena kulephereka m'manja mwa ana omwe panopa akhala pansi m'makalasi a pulaimale. Popeza zida zogwirira ntchito, kagwedwe ka mvula ndi njira zopezera ndalama zikusintha mofulumira kuposa mabuku a sukulu, chomwe mwana angatuluke nacho n'kuchidalira moyo wake wonse ndi maluso awiri, omwe ndi luso loganiza mozama ndi luso lofotokoza maganizo momveka.

Kuganiza mozama ndiko kutha kuima pa nkhani, kufunsa komwe yachokera, kuyesa umboni wake, kuiyerekeza ndi zomwe munthu akudziwa kale, kenako n'kufika pa mfundo yomwe angaiikire kumbuyo ndi zifukwa. Kufotokoza momveka kumaphatikiza maluso anayi a chiyankhulo, omwe ndi kumvetsera, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba, ndipo muyeso wake ngwakuti womvayo atenge chenicheni chimene wonenayo amafuna kunena. Maluso awiriwa amakulira pamodzi ngati chimanga ndi nyemba za m'phando limodzi, chifukwa ganizo lomwe silinatulutsidwe m'mawu silingayesedwe ndi wina aliyense, ngakhale mwiniwakeyo, pomwe mawu opanda ganizo amangokhala phokoso. Choncho mwana amaphunzira kuganiza pamene tsiku ndi tsiku akufunsidwa kupereka chifukwa cha yankho lake, pakamwa ndi polemba, m'chiyankhulo chomwe amachidziwa bwino.

Masitepe a kuganiza

Nkhaniyi si yalero. M'buku lake la 1910 lotchedwa How We Think, John Dewey wa ku America adafotokoza kuti kuganiza kumayamba pomwe munthu wathedwa nzeru ndi vuto lenileni, kenako amapeka mayankho angapo n'kuyesa lililonse kuti aone lomwe likugwirizana ndi zomwe zikuoneka. Mu 1956 Benjamin Bloom ndi anzake adasanja ntchito za ubongo pa masitepe asanu ndi limodzi, kuyambira kukumbukira mfundo, kuimvetsa, kuigwiritsa ntchito, kuisanthula, kulumikiza mfundo zosiyana n'kupanga chatsopano, mpaka kuweruza ngati chinthu chili cholondola kapena chothandiza. Kusiyana kwa masitepewa kumaoneka m'mafunso omwe mphunzitsi amafunsa, pakuti funso loti wophunzira atchule mitsinje itatu yothira mu Shire limangofuna kukumbukira, pomwe funso loti afotokoze chomwe chimachititsa kuti madzi azisefukira kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje kusiyana ndi ku Dedza limafuna kuti alumikize zomwe akudziwa za mapiri, zigwa, mvula ndi kutha kwa mitengo.

Izi sizikutanthauza kuti kuloweza n'kopanda ntchito. Mwana amene sadziwa kuchulukitsa manambala pamtima amataya nthawi ndi mphamvu pa zinthu zazing'ono mpaka kulephera kuona vuto lalikulu, ndipo amene sadziwa komwe Shire amachokera ndi komwe amathera sanganene kanthu kanzeru za kusefukira kwa madzi. Mfundo zolowezedwa zili ngati njerwa, ndipo vuto limabwera pamene sukulu yaumba njerwa zaka 12 osamangapo nyumba.

Zomwe mudzi udali kuphunzitsa kale

Makolo a kuno adali ndi njira zawo zonolera nzeru za ana sukulu zisanabwere. Chilapi chakuti nyumba yopanda khomo, chomwe yankho lake ndi dzira, chimakakamiza mwana kuyerekeza zinthu ziwiri zosafanana n'kupeza pomwe zikukumana, ndipo kumeneko ndiko kusanthula. Wokamba nthano akayamba ndi mawu akuti "Padangotero", omvera amayankha kuti "Tili tonse", kusonyeza kuti womvera ali ndi gawo lake m'nkhaniyo ndipo sangogona. Pabwalo la milandu mfumu ndi nduna zake amamva mbali zonse ziwiri, amaitana mboni, amafunsitsa, ndipo chigamulo chimabwera pambuyo pa zonsezi, pomwe ankhoswe amadziwa kusankha mawu oti afikitse choonadi chowawa popanda kupasula banja. Mwambi wakuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga ndi phunziro lathunthu la kusiyanitsa gwero la vuto ndi zotsatira zake, ndipo wina wakuti safunsa adadya phula umaonetsa kuti kufunsa kudali kolemekezeka.

Komabe mwambo womwewo umaphunzitsa mwana kuti asayankhe akulu, asawayang'ane m'maso, ndipo mwana wofunsafunsa amatchedwa wamwano kapena wachipongwe, makamaka akakhala mtsikana. Ntchito ya sukulu pamenepa ndi kuphunzitsa katsutsidwe kaulemu, komwe pabwalo kadalipo kale, pamene munthu amayamba wavomereza kuti wamva zomwe mnzake wanena, amatchula pomwe akugwirizana naye, kenako n'kupereka pomwe akusiyana ndi chifukwa chake. Mwana amene waphunzira kunena kuti "Aphunzitsi, ndamva zomwe mnzangayu wanena, koma ine ndikuona mosiyana chifukwa cha ichi" sanachite mwano kwa wina aliyense, ndipo wapeza chida chomwe adzachigwiritse ntchito pamsonkhano wa mudzi, kuntchito ndi m'banja.

Kalasi ya "Mwamva?"

Boma litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo aphunzitsi ambiri adalembedwa ntchito mwachangu asanaphunzitsidwe mokwanira. Chidali chinthu chabwino kuti mwana wa mmphawi alowe m'kalasi, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke molingana, kotero kuti ngakhale ndondomeko ya boma imafuna ophunzira 60 pa mphunzitsi mmodzi, m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100. M'kalasi yotere mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, ana amakopera m'makope, iye amanena chiganizo n'kusiya mawu omaliza kuti ana amalizitse onse pamodzi, kenako amafunsa kuti "Mwamva?" ndipo kalasi yonse imayankha kuti "Eee!" Yankho la chigulu lotereli limabisa ana omwe sanamve kanthu, chifukwa mawu a ana khumi akutsogolo amakwirira chete wa ana makumi asanu akumbuyo, ndipo mphunzitsi amapitirira ndi mutu wotsatira ali wokhutira.

Paulo Freire wa ku Brazil adayerekeza kaphunzitsidwe kotere ndi kusungitsa ndalama ku banki, pomwe mphunzitsi amaika mfundo m'mutu mwa wophunzira kuti adzazitape pa tsiku la mayeso zili momwe adaziikira. Silabasi ya pulaimale yomwe idayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2007, itakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, idafuna kusintha zimenezi poika wophunzira patsogolo ndi polimbikitsa ntchito za m'magulu. Koma kuika ana m'magulu pakokha sikubala kuganiza, pakuti gulu la ana 15 lomwe lapatsidwa funso longofuna kukumbukira limangodikira kuti mwana mmodzi wanzeru alembe yankho ena akusewera. Chomwe chimasintha phunziro ndi mtundu wa funso ndi zomwe mphunzitsi amachita akalandira yankho.

Njira zosalira ndalama

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe wa ku America adamvetsera maphunziro ambiri a sayansi ojambulidwa pa tepi, ndipo adapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha okha. Aphunzitsi ataphunzitsidwa kudikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho a ana adatalika, ana ambiri adayamba kukweza manja kuphatikizapo omwe ankaoneka ofooka, ndipo ana adayamba kupereka zifukwa ndi kufunsa mafunso awo. Mu 1981 Frank Lyman adafotokoza njira ina yomwe imayenda bwino ngakhale m'kalasi yodzaza, pomwe mwana aliyense amayamba waganiza yekha mwakachetechete, kenako amakambirana ndi yemwe wayandikana naye, ndipo pomaliza mphunzitsi amasankha awiriawiri ochepa kuti auze kalasi. Mwa njirayi ana 100 onse amalankhula m'mphindi ziwiri, pomwe mwa njira yokweza manja akadalankhula atatu okha.

Momwe izi zimaonekera tingaziwone m'phunziro la ulimi la Sitandade 6, pa sukulu yomwe chimanga cha mbali imodzi ya munda wake chachita chikasu. Mphunzitsi angathe kulemba pa bolodi kuti kusowa kwa nayitrojeni kumachititsa masamba chikasu, ana n'kukopera, phunziro n'kutha. Angathenso kutulutsa ana n'kuwaimika pakati pa mizere, n'kuwafunsa chomwe chachitika. Wina amati feteleza adachepa, wina amati madzi adadikha pamenepo, wina amati ndi kaufiti, winanso amati ndi mbozi, ndipo kwa aliyense mphunzitsi amabweza funso limodzi lakuti "Wadziwa bwanji?" Wa kaufiti amayenera kugwada n'kufunafuna timaluwa tofiira patsinde pa chimanga, wa mbozi amatsegula kunsonga kwa phesi kuti aone ngati masamba abooledwa, wa madzi amapisa chala m'dothi n'kuyerekeza ndi mbali inayo, ndipo wa feteleza amaonetsedwa kuti chikasu cha kusowa kwa nayitrojeni chimayambira masamba akunsi. Akabwerera m'kalasi aliyense amalemba ziganizo zinayi zonena chomwe amaganiza poyamba, chomwe waona, chomwe akuganiza tsopano ndi chifukwa chake. Mfundo ya nayitrojeni yaphunzitsidwa ndithu, koma pamwamba pake ana aphunzira kuti ganizo limayesedwa ndi umboni, ndiponso kuti kusintha maganizo umboni ukaoneka si chinthu chochititsa manyazi.

Ku sekondale phunziro lofanana nalo lingachokere mu foni yam'manja. Uthenga wakuti "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi", womwe Amalawi ambiri adaulandirapo kuchokera kwa akuba, ngwokwanira kuphunzitsira mafunso anayi omwe munthu ayenera kufunsa nkhani iliyonse, akuti wanena ndani, akufuna kuti womva achite chiyani, apindula ndani, ndipo nkhaniyo ingatsimikizidwe kuti. Mafunso omwewa amagwira ntchito pa mauthenga a mawu oyenda pa WhatsApp ndi zolembedwa pa Facebook, ndipo kufunika kwake kudaoneka pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, pamene mphekesera zidachititsa anthu ena kuopa zipatala. Mtsutso wa m'kalasi umathandizanso, makamaka wophunzira akapatsidwa mbali yomwe sagwirizana nayo, ndiponso akalamulidwa kubwereza mfundo ya mnzake mokhutiritsa mnzakeyo asanaitsutse, chifukwa lamulo limeneli limaphunzitsa kumvetsera, lomwe ndi luso lonyalanyazidwa kwambiri mwa maluso anayi aja.

Chiyankhulo choganizira

Mwana sangapereke zifukwa m'chiyankhulo chomwe sachimva, ndipo apa mpomwe nkhani ya kuganiza imakumana ndi ndondomeko ya chiyankhulo. Kuyambira 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko, ndipo ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 asanasinthire ku Chingerezi mu Sitandade 5. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti makalasi anayi oyambirirawa aziphunzitsidwa m'ziyankhulo za makolo a ana m'dera lililonse, monga Chitumbuka ndi Chiyao, koma lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Bungwe la UNESCO lidanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo mphunzitsi aliyense wa kumudzi amadziwa kuti kalasi yomwe idali duu pa funso la Chingerezi imadzuka funso lomwelo likabwerezedwa m'Chichewa.

Chingerezi n'chofunika, chifukwa ndicho chimatsegula mabuku a ukachenjede, intaneti ndi ntchito zambiri, ndipo wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena. Cholakwika ndi kuyesa Chingerezi ngati nzeru zenizenizo, mpaka kulanga mwana chifukwa cholankhula chiyankhulo cha kwawo pa sukulu, pakuti mwana wotere amaphunzira kuti njira yopewera chilango ndi kutseka pakamwa. Aphunzitsi aluso amalola ana kukambirana vuto m'chiyankhulo chomwe amachidziwa, ndipo ganizo likapsa amawathandiza kulivala m'Chingerezi, kotero kuti mwana amapindula pawiri.

Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu imaonetsa bwino za kutsogozana kumeneku. Atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 mpaka 2002, adapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawo, ndipo popeza Chingerezi chake chidali chochepa ankatsata kwambiri zithunzi ndi zojambula. Ali ndi zaka 14 adamanga makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, chokupizira cha thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Pamene adaitanidwa kukalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 Chingerezi chidali chikumuvutabe, koma adali ndi chonena, ndipo chiyankhulo chidatsatira pambuyo mpaka adamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. M'mbiri imeneyi mulinso phunziro lina, lakuti popanda laibulale ndi luso lowerenga, ngakhale lochepa, nzeru zakezo zikadasowa pogwira.

Kuwerenga, makina ndi mayeso

Kuwerenga ndiye maziko a zonsezi, ndipo mazikowa ngosalimba. Lipoti la World Bank ndi mabungwe ena la 2022 lidayerekeza kuti m'maiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yaifupi. M'Malawi ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe idayamba mu 2016, idalunjika pa vutoli m'makalasi oyambirira, ndipo kuyambira 2023 boma lakhala likugawa matabuleti m'sukulu za pulaimale ophunzitsira kuwerenga ndi masamu. Zida zoterezi zimathandiza mwana kuyeserera malembo ndi manambala pa liwiro lake, koma tabuleti singamve chifukwa chomwe mwana wapereka n'kumufunsa funso lotsatira, ndipo ntchito imeneyo idakali ya mphunzitsi ndi ana anzake.

Kubwera kwa mapulogalamu a nzeru zochita kupanga, monga ChatGPT yomwe idatulutsidwa mu Novembala 2022, kwawonjezera kulemera kwa nkhaniyi. Mapulogalamuwa amatha kulemba chimangirizo chonse m'masekondi ochepa, koma amathanso kunena zabodza m'mawu osalala ndi odzidalira, kotero kuti amathandiza munthu wodziwa kufunsa bwino ndi kuyesa yankho, pomwe wozolowera kukopera amangopeza bolodi lina lokoperapo. Luso lobwereza zomwe wina wanena likutsika mtengo, pomwe luso lozindikira ngati zonenedwazo zili zoona likukwera.

Chomangira zonsezi ndi mayeso. Mphunzitsi amayamikiridwa potengera ana omwe asankhidwa kupita ku sekondale kapena ku yunivesite, ndipo kholo limafunsa za mapointi, choncho chilichonse chomwe mayeso a bungwe la MANEB amapereka malikisi ndicho chimaphunzitsidwa. Kuimitsidwa kwa mayeso a MSCE a 2020 mapepala ataululika, mpaka kulembedwanso kumayambiriro kwa 2021, kudaonetsa kukula kwa mtengo womwe anthu amaika pa yankho lokonzeratu. Funso lofuna kuti wophunzira asanthule nkhani yomwe sanaionepo ndi kupereka zifukwa zake silingayankhidwe msanga ndi likasa, ndiponso limakakamiza mphunzitsi kukonzekeretsa ana mwa njira ina. Mipikisano ya masewero monga ya bungwe la ATEM ndi makalabu a mtsutso akhala akutulutsa achinyamata olankhula bwino, koma amafikira ochepa, pomwe mayeso amakhudza mwana aliyense. Makoleji a aphunzitsi nawo ali ndi gawo lalikulu, chifukwa wophunzira uphunzitsi amene kwa zaka ziwiri wangokopera manotsi onena za kuika mwana patsogolo adzakaphunzitsa momwe iye adaphunzitsidwira.

Zipinda, mabuku ndi aphunzitsi okwanira zimafuna ndalama ndi zaka zambiri, ndipo mwana amene ali mu Sitandade 1 lero sangadikire kuti zonsezo zikwanire. Masekondi 3 odikira yankho, mphindi ziwiri zokambirana awiriawiri ndi funso lakuti "Wadziwa bwanji?" zingayambe Lolemba likubwerali, ngakhale pansi pa mtengo, ndipo kholo lingathe kufunsa funso lomweli pamphasa madzulo m'malo mongofunsa nambala yomwe mwana wakhala m'kalasi. Mwana amene wafunsidwa funsoli kwa zaka 12 amazolowera kudzifunsa yekha asanatsegule pakamwa, ndipo akakula amadziwa kulibweza mwaulemu kwa wogulitsa mbewu, kwa wofuna voti ndi kwa wotumiza uthenga wa pa foni, kuti "Mwadziwa bwanji?"